Kuchokera pa Kamba Kufika pa Chiyimilire

Funso loti “kodi kuno munthu angadye kuti?” ndi la dzulodzuloli m'mbiri ya dziko lathu. Mafunso enawa amene munthu wapaulendo amafunsa, monga la njira, la powolokera mtsinje kapena la kwa mfumu, ndi akalekale. Koma ili la chakudya chogula silinakwanitse n'komwe zaka 150. Chikhalirecho, lero aliyense wotsika basi m'tauni imene sakuidziwa, dzuwa lili paliwombo ndipo m'thumba muli ndalama zowerengeka, amalifunsa ndithu, kaya mokweza kaya chamumtima. Ine ntchito yandiyendetsa m'maboma ambiri kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga, ndipo funsoli ndalifunsa kosawerengeka. Chimene chakhala chikundidabwitsa n'chakuti ukafunsa za malo abwino odyera, anthu amakulozera kumene iwo eni ake sanadyeko chibadwire. Khalidwe limeneli lili ndi mbiri yake.

Makolo athu akamakonzekera ulendo sankaganizako zogula chakudya panjira. Usiku woti mawa ndi ulendo, mayi wa pakhomo ankakazinga chimanga ndi mtedza, kuotcha mbatata, kuphika chigumu, ndipo ulendowo ukakhala wolemekezeka nkhuku inkafa n'kuwambidwa. Ameneyu ndiye anali kamba. Kamba akatha, kapena dzuwa likapendeka, wapaulendo ankangopatukira m'mudzi umene wafikamo n'kufunsa kwa mfumu. Kumeneko ankamulonjera, kumupatsa madzi, ndipo madzulo ankadya pamodzi ndi amuna a m'mudzimo, mbale za nsima zikuchokera m'makomo osiyanasiyana. Paja amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka; kumudyetsa usiku umodzi sikungagwetse nkhokwe. Sindikufuna kuzikometsera zakalezi mopitirira muyeso. M'zaka za m'ma 1800, nthawi ya nkhondo za Angoni ndi ya ogwira akapolo, midzi yambiri inali m'malinga kapena m'mapiri, ndipo mlendo ankayamba wayang'anitsitsidwa kuti mwina ndi kazitape. Koma ngakhale pamenepo, akamulandira ankamudyetsa, akamukana ankamupirikitsa. Zomuuza kuti nsimayi ndi yogula panalibe.

Panalinso chifukwa china chimene chinkachititsa akuluakulu kunyansidwa ndi chakudya chogula. Kuphika kunali ndi malamulo ake, makamaka pa nkhani ya mchere. Mayi amene ali kumwezi, kapena amene wayenda njira zosayenera, sankaloledwa kuthira mchere m'ndiwo poopa kudula anthu, matenda aja ankawatcha mdulo kapena tsempho. M'mudzi wophika ankadziwika, ndipo akadwalitsa munthu anali ndi poyankha. Nanga wophika wa pamsika, amene sukumudziwa dzina ngakhale kwawo, ungamukhulupirire bwanji? Ndinakula ndikuona agogo anga aakazi akupita ku chipatala cha pa boma atamanga mbatata pansalu, n'kubwerako madzulo osalawa china chilichonse cha pamsika kupatula nthochi, poti nthochi sathira mchere.

Oyamba kugula chakudya paulendo anali amalonda a minyanga ndi akapolo, Ayao ndi Aswahili, amene ankayenda m'magulu akuluakulu oti mudzi umodzi sukanatha kuwadyetsa mwaulere. Ankapereka nsalu ndi mikanda n'kulandira ufa, nkhuku kapena mbuzi. Ku Nkhotakota, kumene Jumbe woyamba anakhazikika m'zaka za m'ma 1840, ulimi wa mpunga unakula chifukwa cha apaulendo oterewa. Komabe iwo ankagula zaziwisi n'kumadziphikira okha pamisasa.

Zinthu zinatembenuka Angerezi atalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwawo n'kuyambitsa msonkho. Msonkho unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kwa azungu: ku Blantyre, ku Zomba ndi m'minda ya khofi, kenako ya fodya ndi tiyi. Amuna zikwizikwi anasiya mabanja kupita kukasenza katundu wa mtengatenga kapena kukalima m'mindamo. Owalemba ntchito ankawapatsa phoso, kutanthauza chimanga kapena ufa ndi kamchere, nthawi zina ndi nyemba, kuti azidziphikira. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908, ndipo kampani ya Imperial Tobacco itamanga fakitale yake ku Limbe cha nthawi yomweyo, panabadwa khamu la anthu limene mwambo wolandira alendo sukanalikwanitsa. Mfumu Kapeni ngakhale ikanakhala ya mtima wabwino chotani, sikanadyetsa anthu mazanamazana tsiku ndi tsiku.

Amene anaona mpata anali amayi a m'midzi yozungulira. Iwowa ankasenza mbatata yophika, chinangwa, maungu, zitumbuwa, thobwa ndi mowa wa masese n'kukakhala nazo pansi pa mtengo pafupi ndi siteshoni, pageti la fakitale kapena m'mphepete mwa msika. Wina akandifunsa kuti lesitilanti yoyamba ya Mmalawi inali iti, ine ndimayankha kuti unali mphika wa pamutu pa mayi wa ku Ndirande. Mabuku a mbiri amatchula mayina a abwanamkubwa ndi a eni minda, osati lake.

Mahotela analipo, koma sanali athu. Ku Blantyre hotela ya Ryall's inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ku Limbe ndi ku Zomba kunalinso ena. Panalibe chifukwa chovutikira kukhoma chikwangwani choletsa munthu wakuda, poti aliyense ankadziwa yekha kuti khomo lake ndi la kuseri, ndipo ankalowa monga khukhi, woperekera zakudya kapena wotsuka mbale. Chomvetsa chisoni, komanso choseketsa, n'chakuti zakudya zokoma zija tinkaphika ndife tomwe, moti akhukhi a ku Nyasaland anatchuka mpaka ku Salisbury ndi ku Johannesburg. Mphunzitsi kapena kalaliki wovala taye, wolankhula Chingerezi chosalala, akafika m'tauni ankadya kwa mbale wake, kumishoni, kapena pansi pa mtengo paja. Mu Januwale 1960 nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, ikudya nkhomaliro mu Ryall's, anthu anasonkhana panja ndi zikwangwani zofuna kuti Dr Banda, amene anali m'ndende ku Gwelo, atulutsidwe. Mkati mafoloko akulira m'mbale, panja apolisi akukankhana ndi khamu. Mibadwo iwiri kapena itatu inakula ikuona zoterezi, ndipo m'maganizo mwa anthu munakhazikika zoti malo abwino odyera ndi malo a bwana. N'chifukwa chake mpaka lero mnyamata wa padepoti ukamufunsa za malo abwino, makamaka ukavala jekete, amakulozera kuli mpanda wa njerwa ndi mlonda pageti. Sakunamiza ayi. Akuyankha funso limene iye walimva.

Luso lopeza chakudya chabwino chotsika mtengo m'tauni yachilendo tinaliphunzira kwa matchona. Agogo anga aamuna anapita ku Salisbury wapansi m'zaka za m'ma 1940, podzera ku Tete. Ulendo woterewu ankautcha wa selefu, posiyanitsa ndi wa anthu olembedwa ndi Wenela kapena Mthandizi, amene ankapatsidwa chakudya panjira. Wa selefu kamba akamuthera ankaima pa famu kapena pamudzi n'kugwira ganyu masiku angapo kuti apeze ufa wopitira patsogolo. Langizo la agogowo linali lakuti ukafika m'tauni yachilendo usayambe wawerenga zikwangwani, uyambe watchera khutu. Ukamva wina akudandaula m'Chinyanja kuti njinga yaphwa, ameneyo ndiye hotela yako. Anyasa ankalozerana kwa mayi amene amaphika sadza yolimba ngati nsima ya kwathu, ndiponso amene amakongoza mpaka tsiku la malipiro. Ku Joni nako kunali nyumba zodyera za anthu akuda okhaokha pafupi ndi migodi ndi masiteshoni, zimene zinkagulitsa matumbo, mapapo, mitu ndi ziboda, nyama imene azungu sankaifuna. Ndikamaona lero mabwana akuimika magalimoto Loweruka m'mawa kulimbirana mang'ina ndimaseka chamumtima.

Matchona obwerera kwawo, pamodzi ndi asilikali a KAR amene anabwerako ku nkhondo ya ku East Africa ndi ku Burma itatha mu 1945, anabwera ndi tindalama komanso chizolowezi chodya cholipira. Ambiri anatsegula makantini ndi matiyirumu m'mphepete mwa misewu ndi m'misika ya m'midzi. Pa malo onse odyera amene dziko lino lakhala nawo, ine ndimaona kuti tiyirumu ndiyo inasintha anthu kwambiri. Inali kanyumba kamodzi kokhala ndi benchi ndi tebulo lalitali, ketulo yaikulu yakuda ndi mwaye ili pamoto kuseri, masikono ali m'kabati ya waya poopa ntchentche. Wogula ankaiweruza ndi zinthu ziwiri: kukula kwa kapu ndi kuchuluka kwa shuga. Tiyi sathira mchere, choncho ngakhale mkulu woopa mdulo ankalowamo osadodoma. M'menemo ndi mmene mlimi wobwera kudzagulitsa fodya kapena mtedza anaphunzirira kukhala pabenchi limodzi ndi anthu osawadziwa, kudya, kulipira n'kumapita popanda kulonjerana. Nsima inalowa m'mbuyo mwa tiyi mwakachetechete, poyamba kwa madalaivala ndi apaulendo okha, chifukwa mwamuna wokwatira akaoneka akudya nsima yogula m'dera la kwawo anthu ankanong'onezana kuti kunyumba kwake kwavuta.

Malonda amenewa anali osachedwa kugwa. Njala ya 1949 itavuta kumwera, boma linaletsa kufulula mowa pofuna kupulumutsa chimanga, ndipo amayi ambiri a m'midzi ya ku Blantyre amene ankadalira malonda a pamoto anasowa pogwira nthawi imene ndalama zinkafunika koposa. Megan Vaughan analemba za amayi amenewa m'buku lake la 1987 lonena za njalayo.

Ufulu utabwera mu 1964 makomo a mahotela anatseguka kwa aliyense, koma mtengo unatenga malo a mlonda. Hotela ya Mount Soche itatsegulidwa mu 1969 munthu wamba ankangoiona podutsa. Malo ake anali atatu: padepoti, pamsika ndi ku nyumba yogona alendo ya khonsolo, imene kawirikawiri inkakhala ndi kalesitilanti pambali. Ndalama ya kwacha inalowa mu 1971, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi ndipo matambala khumi m'malo mwa sheleni, ndipo mitengo ya chakudya inkakhalitsa moti eni malesitilanti ankailemba pakhoma ndi penti. Zolembedwazo zinali zofanana dziko lonse: nsima ya nyama, nsima ya nkhuku, nsima ya nyemba, mpunga, tiyi wamkaka. Mabasi a UTM, makamaka a lokolo oima paliponse, ankatha tsiku lathunthu panjira, choncho amene ankadziwa mphika wa tauni iliyonse anali madalaivala ndi makondakitala. Apaulendo ochenjera ankangotsatira kumene dalaivala walowera. Koma nzeru imeneyi inali ndi mbuna yake. Eni malesitilanti ena anazindikira msanga kuti ukamudyetsa dalaivala ulere amakubweretsera basi yonse, ndiye iye ankadya ntchafu ya nkhuku kuchipinda chamkati apaulendo akulimbana ndi fupa losambira mumsuzi wamadzi.

Achinyamata a lero sangamvetse kuti masiku amenewo njala yokha ndi ndalama sizinali zokwanira kuti munthu adye pamsika. Pageti pankaima ayufi ofunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa, kaya wachokera kutali chotani. Kufunsafunsa nakonso kunali ndi malire ake. Mlendo wofunsa zambiri ankakayikiridwa, ndipo iyenso ankakayikira amene wakhala naye pabenchi. Anthu ankadya mwachangu, nkhani ili ya mvula ndi mpira.

M'zaka za m'ma 1970 boma linalamula amwenye kuti achoke m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono akachite malonda awo m'mizinda ikuluikulu, ndipo pofika 1978 anali atachoka. Anasiya mizere ya masitolo a makonde aakulu, ena mwa iwo anagwa, ena anasanduka malesitilanti. Amene mwadyapo pamalo ena ochitira malonda m'chipinda chachitali chokhala ndi kauntala ya simenti ndi mashelefu opanda kanthu, dziwani kuti mwina munadyera m'sitolo ya nsalu.

Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mbiri ya ku Limbe inabwerezeka. Okonza mzinda anaika maofesi a boma patali ndi msika wa ku Old Town ndiponso patali ndi nyumba za ogwira ntchito, ngati kuti mesenjala ndi kalaliki sadya masana. Amayi anafikanso ndi miphika yawo pansi pa mitengo kuseri kwa maofesi. Amene sankakwanitsa ngakhale zimenezo ankachita memo: anthu asanu kapena khumi kusonkha ufa ndi tindalama ta ndiwo, mmodzi n'kuphika. Memo anafala m'magalaja, m'malo omanga nyumba ndi m'misika, ndipo mlendo waulemu, akapereka moni bwino n'kuponyapo yake, nthawi zina amaloledwa kusamba m'manja. Pa zakudya zonse za m'tauni, memo ndi amene amafanana kwambiri ndi kadyedwe ka kumudzi kaja.

Chaka cha 1994 chinabweretsa zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mu Febuluwale kwacha inasiyidwa kuti mtengo wake uziyendera msika, ndipo inagwa kwambiri. Mu Meyi kunabwera boma la Bakili Muluzi, limene linamasula malonda a m'misewu. Makampani ambiri anachepetsa antchito m'zaka zotsatira, ndipo amene anachotsedwawo, pamodzi ndi anyamata ochokera kumudzi, anatembenukira ku chiwaya. Tchipisi, zigege, kanyenya, soseji ndi mazira owiritsa zinadzaza m'makonde a masitolo. Maminibasi atachuluka, malo monga Zalewa, Ntcheu, Lizulu ndi Jenda anasanduka malesitilanti a pawindo, kumene munthu amadya osatsika. M'misika ya m'mizinda munatchuka chiyimilire, dzina lonena zoona zokhazokha: palibe mpando, umasamba m'manja, umalandira mbale, umadya uli chilili n'kupatsa mnzako malo. Anthu ena amachinyoza, koma ine ndadyapo nsima ya mgaiwa ndi usipa wofutsa pa chiyimilire imene mahotela ambiri sangaifikire, pa chifukwa chosavuta kumvetsa: mphika wake sugona. Chophikidwa 11 koloko chimakhala chitatha isanakwane 2 koloko. Mu Epulo 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu n'kuwalowetsa m'misika, ndipo kwa kanthawi mlendo anayenera kuyambanso kufunsa, poti fungo la chiwaya silinkamulondoleranso pamsewu.

Mantha a agogo anga aja sanathe, anangosintha dzina. Chimene tikuopa tsopano si mchere koma madzi. Kolera wa 2001 ndi 2002, amene anabwera pamodzi ndi njala, anapha anthu mazanamazana, ndipo amene anayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 anapha anthu opitirira 1,700, moti makhonsolo analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Funso ndi lomwe lija: wophikayu sindikumudziwa, ndimukhulupirire bwanji? Ine ndisanakhale pansi ndimayang'ana posambira m'manja. Pakakhala ndowa ya mpopi ndi sopo, kapena mwana wothirira madzi ndi jagi, ndimakhala. Likakhala beseni limodzi losambamo aliyense ndimapitirira. Ndimakondanso malo amene kukhitchini kumaoneka, ngakhale kukhale kwa utsi, kusiyana ndi amene ali ndi makatani okongola ndi chitseko chotseka. Nsima imadziteteza yokha poti imabwera yotentha. Wachiwembu amakhala saladi wa kabichi ndi tomato, ndi madzi a m'jagi ya patebulo.

Za kafunsidwe, safunsa anadya phula, koma wofunsa molakwika naye amadya chakudya cha sabata yathunthu pa mbale imodzi. Masiku ano amene analowa m'malo mwa madalaivala a UTM ndi anyamata a kabaza, chifukwa amadziwa tauni yonse ndipo ntchito yawo siilola nthabwala pa nkhani ya nsima. Sindiwafunsa za malo abwino. Ndimati, “Achimwene, inuyo masana mumadya kuti?” Amayamba aseka, kukuyang'ana nsapato, kenako n'kunena kuti kumeneko bwana simungakukonde. Ukaumirira amakutengera kuseri kwa msika, kudutsa ogulitsa makala, kukafika pa kanyumba kopanda chikwangwani kamene panja pake paima njinga khumi. Anamwino ndi aphunzitsi a pamalopo ndi ena oyenera kuwafunsa, poti iwo amadya pa malo amodzi mwezi wathunthu ndipo akanadwala akanaleka. Foni ikhoza kukuuza za malo odyera a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma za mayi wophika kuseri kwa msika wa ku Chitipa siidziwa kanthu.

Chinanso, tauni iliyonse ili ndi chakudya chimene imachidziwa, ndipo chimenecho ndicho chimakhala chokoma ndi chotsika mtengo. Ku Karonga ndi mbalagha ndi mpunga wa kilombero, ku Nkhata Bay kondowole ndi batala, ku Zomba matemba a ku Chilwa, ku Ntcheu ndi ku Dedza mbatatesi ndi nyemba, ku Mangochi chambo, ngakhale chambo chinachepa m'nyanja moti mbale yake inasanduka ya alendo olemera ndipo eni dera amadya utaka ndi usipa. Kumenekonso, ndi ku Machinga ndi ku Nkhotakota, nyama ya m'malesitilanti ambiri imakhala yozinga Asilamu, ndipo wofuna ya nkhumba amachita kunong'ona. Woitanitsa chambo ku Mzimba kapena nyama ya ng'ombe pa Chintheche asadandaule za mtengo.

Mitengo ya penti ija inafufutika kalekale. Kwacha itagwanso mu Meyi 2012, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni malesitilanti anayamba kulemba ndi choko pa kabolodi, ena anangoleka kulemba, umachita kufunsa. Mitanda ya nsima inachepa msinkhu, nthuli za nyama zimene zinali zitatu zinakhala ziwiri. Pamabolodi ena panawonjezeka mzere wa hafu. Palinso mbale ina imene siilembedwa paliponse koma wophika aliyense amaidziwa: nsima, masamba ndi msuzi wokha wa nyama, popanda nthuli. Woifuna amayandikira kukhitchini n'kulankhula motsitsa mawu, ndipo mayi wophikayo amatunga msuziwo pansi pa mphika, pamene pali mafuta.